Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Chisanu cha ku Dedza

M'gawo lapita lija ndinalekezera pomwe bambo a ana anakwera basi ya ku Joni. Munali mu Meyi 2018, titangomaliza kukolola. Chisanu chinandipeza ndili ndekha ndi ana atatu m'kanyumba ka lendi ku Dedza, m'munsi mwenimweni mwa phiri.

Munthu amene sanagonepo ku Dedza mu Juni asandiuze za kuzizira. M'mawa chifunga chimatsika m'phiri n'kuphimba tauni yonse, moti magalimoto a mu msewu wa M1 amayenda atayatsa nyali ngakhale kutacha. Madzi a mu ndowa amaluma zala. Ndinkadzuka tambala woyamba atangolira, kukoleza mbaula, kutereka madzi osamba, kenako phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Sukulu inali isanatseke, chifukwa teremu yachitatu imafika mpaka mu Julaye, ndiye nkhondo ya tsiku ndi tsiku inali yowatulutsa anawo m'bulangete. Ndikawasambitsa ndinkawapaka Vaseline kumaso ndi m'miyendo kuti asatuwe, n'kuwaveka majuzi a pa kaunjika awiriawiri pansi pa yunifolomu. Mzime wanga milomo inkasweka mpaka kutuluka magazi, ndipo ankalira mwakachetechete poopa kuti ndimuletsa kupita ndi anzake.

Mayi anga atamva kuti ndatsala ndekha anabwera kuchokera kumudzi ndi thumba la mbatata ndi lichero la mtedza. Kuyambira pamenepo madzulo athu anasintha. Tikadya nsima tinkazungulira mbaula, mbatata zili m'phulusa, agogo n'kuyamba: "Padangotero!" Ana onse pamodzi: "Tili tonse!" Chisamba wanga, amene ankadziona ngati wamkulu poti ali mu Sitandade 6, ndi amene ankayamba kupempha nthano ya kalulu kachiwiri.

Usiku wina ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe. Kunazizira kwambiri, ana akunjenjemera, ndiye ndinasiya mbaula m'chipinda makala akadali ofiira, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Pakati pa usiku ndinadzuka mutu ukuwawa ngati wina akuumenya ndi nyundo, mwana wachiwiri akusanza. Mayi ndi amene anakwawa n'kutsegula chitseko, tonse n'kutulukira panja pa mphepo. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, umangomugonetsa munthu. Chiyambire tsiku limenelo mbaula imagona panja, ana amagona mothinana pakati pa ine ndi agogo awo.

Pa 6 Julaye, Lachisanu, dziko linkakwanitsa zaka 54 lili pa ufulu wodzilamulira. Ana ankafuna kupita kumene kuli chikhamu ndi magule, koma ndinakana. Chaka chapitacho, tsiku ngati lomwelo, anthu 8 anafa popanikizana pa chipata cha Bingu National Stadium ku Lilongwe, ndipo ambiri mwa iwo anali ana. Mtima wanga sunalole.

Tinachitira chikondwerero pakhomo. Ndinapha nkhuku imodzi mwa zitatu zomwe ndinali nazo, n'kuphika mpunga ndi kachewere, mayi anakonza thobwa ndi futali. Ana anajambula mbendera pa mapepala a m'kope, chakuda, chofiira ndi chobiriwira, dzuwa lake lopindika, n'kuzimata pa timitengo ndi phala. Anaimba nyimbo ya fuko ataima njo pa khonde, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Kenako agogo, omwe mu 1964 anali kamtsikana, anamanga chitenje m'chiuno n'kuwaonetsa mmene amayi ankavinira pamaso pa Kamuzu. Anavina mpaka kutsokomola, ana akugubuduka ndi kuseka. Ine sindinawaonepo mayi anga akuvina chimwalirire bambo.

Madzulo foni inalira. Anali bambo a ana, mawu akunjenjemera. Anati ku Johannesburg nakonso kukuzizira koopsa, akugona atavala jekete, ntchito sanaipezebe. Mzime analanda foni.

"Ababa, ndakusungirani mwendo wa nkhuku. Mubwera liti?"

Kumbali inayo kunangoti zii. Mwendo uja anaukulunga m'pepala n'kuubisa pansi pa pilo, ndipo ndinakaupeza m'mawa mwake ndikuyalula.