Momwe ndinakaonera mbalame ya wattled crane ku Lochinvar

Amene akufuna kuona mbalame yosowa ya wattled crane, yaitali miyendo ndi khosi komanso yokhala m'madambo, ayenera kuyamba wasankha nyengo, chifukwa mbalameyi imatsatira madzi. Ine ndinasankha paki ya Lochinvar ku Zambia, yomwe ili kumwera kwa mtsinje wa Kafue, m'chigwa chachikulu chotchedwa Kafue Flats, ndipo ndinadikira chilimwe, pamene madzi osefukira amakhala akuphwera komanso msewu wafumbi wochokera ku tauni ya Monze umakhala wodutsika. M'dzinja dothi lakumeneko limasanduka thope lomata, moti galimoto wamba singapite patali.

Katundu ndinalongedza dzulo lake: zoonera patali, buku la zithunzi za mbalame, kabuku kolembamo, chipewa, madzi akumwa ambiri ndi zovala zosawala. Ndinanyamuka kusanache, popeza dzuwa likakwera mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa dambo, ndipo chilichonse chakutali chimaoneka mbuu ngakhale makina akhale abwino chotani. Pachipata ndinalipira, ndinalembetsa galimoto, kenaka ndinapempha mlonda wa paki kuti atsagane nane. Ndikulangiza aliyense kuti achite chimodzimodzi, pakuti alondawo amadziwa pamene nthaka yauma zenizeni ndi pamene yangouma pamwamba.

Tinayambira ku thamanda lalikulu la Chunga. Nkhwazi zinali kulira m'mitengo, atsekwe ndi akakowa ali yakaliyakali m'mphepete, ndipo avuwo ankasambira pamodzi akuviika milomo nthawi imodzi pokusa nsomba. Chimene ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndi jacana, kambalame kofiirira ka zala zitalizitali, kamene kamayenda pamwamba pa masamba oyandama osamira. Kanali pafupi kwambiri moti ndinkaona tsamba likutitimira pang'ono kakapondapo, nkudzukanso kakangochoka. Mwa mbalame zimenezi, yamphongo ndiyo imafungatira mazira ndi kulera anapiye.

Nditafunsa kuti, “Bambo, nanga zija tadzera zili kuti?” mlondayo anandiuza kuti ndisiye kufufuza mbalame, ndiyambe ndafufuza gulu la lechwe, nyama zonga mphoyo zokonda madzi zimene mtundu wake uno umapezeka m'chigwa chimenechi. Chifukwa chake ndi chomveka. Wattled crane amadya kwambiri timizu tonenepa ta udzu wa m'madzi osaya, ndipo pamene lechwe zadya msipu ndi kupondaponda, mbalameyo imakumba mosavuta ndi mlomo wake wautali.

Tinatsika m'galimoto nkuyenda pang'onopang'ono, dzuwa lili kumsana kwathu, mpaka mlondayo anaima nkuloza ndi chibwano. Kuseri kwa lechwe kunali mbalame ziwiri zazitali ndi mwana wawo. Ndinaona khosi loyera, msana wotuwa, mimba yakuda, khungu lofiira patsinde pa mlomo, ndi tinyama tiwiri ta nthenga zoyera tolendewera kukhosi, timene tinkagwedezeka mbalameyo ikamazula timizu m'thope. Mwa mitundu 15 ya ma crane padziko lonse, uwu ndiwo waukulu kuposa ina yonse ya mu Africa, ndipo umatha kutalika mpaka masentimita 175.

Apa ndi pamene ulendo wotere umakomera kapena kuwonongekera. Imodzi ikaleka kudya nkuimika khosi, ndiye kuti mwayandikira mopitirira, ndipo muyenera kuima kapena kubwerera m'mbuyo. Ife tinakhala pansi pamene tinafikapo. Sindigwirizana nawo anthu amene amaziwulutsa dala kuti ajambule chithunzi chokongola, chifukwa mbalamezi zimaswana movutikira kwambiri: zimaikira dzira limodzi kapena awiri, koma zimalera mwana mmodzi yekha, ndipo zikasokonezedwa kawirikawiri zimatha kusiya chisa. Bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaziika m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo. Kuwonjezera apo, damu la Itezhi-Tezhi, lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1970 kumtunda kwa mtsinjewu, linasintha kasefukiridwe ka madzi, ndipo chitsamba chaminga chachilendo cha Mimosa pigra chinalanda mbali ya dambo, moti bungwe loteteza ma crane la International Crane Foundation lakhala likuthandiza pa ntchito yochichotsa. Malo ena amene mbalamezi zikupezekabe zochuluka ndi Okavango ku Botswana ndi Bangweulu ku Zambia komweko.

Pobwerera masana tinakumana ndi grey crowned crane, ya nthenga zagolide pamutu, yomwe ili pa mbendera ya Uganda ndipo imatha kugona m'mitengo, chimene wattled crane sachita. Tisanatuluke m'paki ndinalemba mtundu uliwonse, chiwerengero chake, nthawi ndi malo, ndipo ndinasiyanitsa zazikulu ndi ana, popeza kuchuluka kwa ana ndiko kumasonyeza ngati mbalamezi zikuswana bwino. Madzulo ndinatumiza zonsezo pa eBird, tsamba la pa intaneti limene oonera mbalame amalembapo zimene aona, kumene akatswiri ofufuza amatenga ziwerengero zotere pounika mmene mbalamezi zikukhalira chaka ndi chaka.