Zikomo kwa amene anapulumutsa chionetsero cha zithunzi za mitengo

Ife okonza chionetserochi tikuthokoza onse amene anathamangira kudzatithandiza paipi yamadzi itaphulika kudenga, usiku woti mawa lake titsegule.

Bambo mlonda, amene sakufuna kutchulidwa dzina, anatseka madzi, n'kuthimitsa magetsi a m'chipindamo, ndipo sanapukute chithunzi n'chimodzi chomwe. Anachita bwino kwambiri, chifukwa nsalu imachotsa utoto wonyowa.

Mayi wosamalira zojambula anafika pakati pa usiku. Zapapepala anazitulutsa m'mafelemu, n'kuzigoneka chagada pa mapepala omwa madzi, akumawasintha akanyowa. Pepala likakhala lonyowa masiku awiri kapena atatu limayamba nkhungu. Chithunzi chojambulidwa pathabwa anakanitsitsa kuchiumitsa ndi chotenthetsera, pakuti thabwa likauma mofulumira limapindika, utoto n'kung'aluka. Amisiri anabweretsa makina ochotsa chinyezi, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono mpaka pafupifupi 50 peresenti. Kuwala kwa pa zojambula zapapepala anakubwezera pa 50 lux (lux ndi muyezo wa kuwala), poti kukachuluka mitundu imasuluka.

Chifukwa cha khama lawolo, ana asukulu anaona makope awiri a zithunzi zotchuka atapachikidwa moyandikana: msewu wa mitengo italiitali umene Hobbema, wojambula wa ku Netherlands, anajambula mu 1689, ndi mtengo wotuwa wa 1911 wa Mondrian, wojambula winanso wa dziko lomwelo, umene nthambi zake zangotsala mizere yokhotakhota. Anatsutsana kwa nthawi ndithu ngati wachiwiriwo ndi mtengodi, ena mpaka kuwerenga nthambi ndi chala chili m'mwamba. Zojambula zimene zinanyowa kwambiri tizipachikanso zikaumiratu.