Bwanji ife timangofa koyambirira?

Dzulo usiku magetsi atayaka kuno ku Area 25, ine ndi mng'ono wanga tinaonera filimu ya mavampaya (akufa oyamwa magazi a anthu), zija zopangidwa ndi ndalama zochepa, magazi ake ofiira ngati supu ya tomato. Filimu yonse munthu wakuda anali mmodzi yekha, mlonda wa pageti, ndipo anafa mphindi khumi zisanakwane. Mng'ono wanga anangoti, "Achimwene, ndiye kuti ife ndi ndiwo basi?" Mawu amenewa akundiwawabe mpaka pano.

Wina asanamizire kuchepa kwa ndalama. Filimu ya Blacula ya mu 1972 inalinso yotchipa, koma wosewera wakuda William Marshall anaumirira kuti asewere ngati kalonga wa ku Africa, Mamuwalde, amene anapita kwa Dracula kukapempha thandizo lothetsa malonda a akapolo. Mu 2014 wopanga mafilimu Ana Lily Amirpour anatulutsa yake yojambulidwa ku California, anthu akuyankhula Chiperisiya, vampaya wake ali mtsikana.

Nanga ife? Za anamapopa tikuzidziwa bwino. Mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa kuti amapopa magazi. Choopsa chenicheni chili pamenepo: mudzi wonse osagona, miyala itatchingidwa pamsewu, mlendo wosochera madzulo akufunsidwa kuti watumidwa ndi ndani. Ndikufuna nkhaniyi tiione m'Chichewa, aijambule anyamata ndi atsikana a ku Kawale kapena ku Mchesi, olo ndi foni, molemekeza mabanja amene anaferedwa.

Amene muli ndi kamera ndiuzeni, Loweruka ndimakhala ndilipo, ndidzakunyamulirani katundu.