Kuika console.log pakati pa map ndi filter osadula tcheni

Vuto lonse limayambira apa: mu JavaScript, `console.log`, imene imasindikiza zinthu pa console, imabweza `undefined`. Mukaiponya pakati pa tcheni (ma function olumikizana, lililonse likulandira zimene lam'mbuyo labweza) ngati `.map(console.log)`, array yanu yonse imadzaza ndi `undefined`, komanso pa chinthu chilichonse imasindikiza index ndi array yonse. Pa Promise (object yodikirira yankho lobwera pambuyo pake) n'chimodzimodzi, `.then(console.log)` imameza yankho ndipo `.then` yotsatira imalandira `undefined`.

Chimene chandipumitsa ndi kamzere aka:

`const tap = dzina => x => (console.log(dzina, x), x);`

Chizindikiro cha koma (,) chimene chili kutsogolo kwa `x` womalizayo chimayendetsa mbali zonse ziwiri n'kubweza yomaliza, ndiye `x` amadutsa osakhudzidwa. Mumangolemba `.map(tap('zasefedwa'))` kapena `.then(tap('yankho'))`. Ma library a Ramda ndi lodash ali kale ndi `tap` yawo. Bwezani `x` nthawi zonse.

Koma chimene chinandidyera tsiku lathunthu, mpaka mutu kuwawa, ndi china. Console ya mu browser sisunga chithunzi cha object pa nthawi imene mwasindikiza. Imangogwira reference, ndipo mukadina kuti muone za m'kati, imakuonetsani mmene zilili panopa. Tsono ngati kutsogoloko muli `sort()` kapena `reverse()`, zimene zimasintha array yomweyo, log yoyambirira imaoneka yosanjidwa kale. Munthu n'kumafunafuna cholakwika kumtunda kumene kulibe! Zimapweteka chifukwa palibe uthenga wa error, code ikuyenda bwinobwino, wakunamiza ndi log yomwe ukuidalirayo. Mu Node, imene imayendetsa JavaScript kunja kwa browser, zimenezi kulibe, poti amalemba zonse nthawi yomweyo.

Mankhwala ake: m'kati mwa `tap` sindikizani `structuredClone(x)` kapena `JSON.stringify(x)`. Koma samalani. Yoyambayo imaponya `DataCloneError` ikakumana ndi function. Yachiwiriyo imataya mwakachetechete ma key amene ali ndi `undefined` kapena function, ndipo imagwa pa BigInt ndi pa object yodzilozera yokha. Chobweza chikhalebe `x` weniweni, osati kope. Kumene n'kotheka gwiritsani `toSorted()` ya ES2023, imene sikhudza array yoyamba.

Ndibwerere pa mabulaketi aja a mu `tap`, ozungulira `console.log(dzina, x), x`, musawachotse. Mukalemba `.map(x => console.log(x), x * 2)`, JavaScript imaona `x * 2` ngati argument yachiwiri ya `map`. Mudzapeza `ReferenceError`, kapena choipa kwambiri, ngati kunja kuli `x` wina, palibe chodandaula ndipo mwabwerera ku `undefined`. Lamulo la `no-sequences` la ESLint, chida chofufuza zolakwika mu code, limafuna mabulaketi awiri pa arrow function yotere. Njira ya `console.log(x) || x * 2` imagwiranso, koma mukadzasintha n'kuika logger yobweza kanthu, tcheni chathyoka pomwepo.

Ngati mukungofuna kusuzumira kamodzi, musakhudze fayilo n'komwe. Mu DevTools ya Chrome dinani ndi batani lakumanja pa nambala ya mzere, musankhe logpoint. Imasindikiza popanda kusintha code, ndipo simudzasaka ma `console.log` otsalira musanapange commit.