Katundu wa ana m'chikwama cha Disembala

Loweruka lapitali ndinaswera ku Fordsburg ndi ku China Mall kuno ku Joni, m'manja muli kapepala ka ana asanu oti ndiwagulire zinthu. Talansipota wathu wopita kwathu ku Malawi anyamuka pa Park Station sabata yamawa, ndiye chikwama chiyenera kutsekedwa. Mafuta ophikira, bulangete la amayi, nsapato za achimwene, zimenezo ndimangotola. Katundu wa ana ndi amene amandiimika m'sitolo mpaka miyendo kuwawa.

Chaka chatha mwana wa achimwene, mnyamata wa zaka 7, ndinamugulira galimoto yoyendera rimoti, yofiira psuu, ya R450. Mumtima ndinkafuna aone kuti azakhali ake ali ku Joni. Kwathu ku Ntcheu nyumba ilibe magetsi, choncho anapita nayo kometa tsitsi pamsika kuti akaitchaje. Kumeneko pulagi inakana kulowa, poti mapulagi a kuno ali ndi mano ozungulira pomwe masoketi a kwathu amafuna mano a makona. Adaputa anaipeza patapita masiku. Kenako fumbi linalowa m'kati, ndipo Januwale asanathe galimoto inali itafa.

Alamu anga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Mnyamata uja anali atagulula matayala anayi aja n'kuwamangirira ndi malegeni pa galimoto yake ya mawaya, imene anapinda yekha, ya chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Imeneyo wayenda nayo chaka chonse, ndipo anzake amachita kupempha kuti ayendetseko. Chithunzicho ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mwanayu ali ndi manja, ine ndinamutumizira chinthu chongodina batani. Chaka chino ndamugulira pulayala yaing'ono, yoti azisunga bambo ake, ndi chidebe cha timidadada tolumikiza ta mtundu wa LEGO. Akamanga mlatho n'kugwa, adzafufuza yekha pamene palakwika.

Wamng'ono pa onse ndi wa mng'ono wanga, ali ndi zaka 2. Apa m'pofunika maso. Pa mapaketi ambiri pamakhala kachizindikiro kozungulira kofiira, kankhope ka khanda ndi manambala 0-3 atadulidwa mzere, kutanthauza kuti muli tizidutswa toti mwana angameze. Zoseweretsa zina zotchipa sizikhala nako n'komwe, ndiye ine ndimayesa ndekha: kanthu kakatha kudutsa m'kachubu ka katoni kotsala tishu ikatha, sindigula. Zoimbaimba za timabatire tokhala ngati ndalama yachitsulo ndimazithawa kwambiri, chifukwa kabatire kotere kakamezedwa kamawotcha kummero m'maola ochepa, ndipo chipatala kwathu chili kutali. Ndamutengera makapu apulasitiki olowetsana, asanu ndi atatu, ndi mpira wofewa. Makapuwo adzathiramo madzi ndi mchenga pabwalo, adzawasanja, adzadziwa chachikulu ndi chaching'ono asanamve n'komwe mawuwo kusukulu.

Mkulu wake ali ndi zaka 5, Sitandade 1 ayamba Seputembala akubwerayu. Kabolodi kakang'ono, choko ndi makrayoni sizinandivute. Chinandivuta ndi mabuku. M'masitolo a kuno mupeza a Chingerezi, Chizulu, Chisutu ndi Afrikaans, koma a Chichewa mulibe. Mnzanga wina wa kutchalitchi ndiye anandilozera African Storybook pa intaneti, kumene kuli nthano za ana zaulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe. Ndinasankha zinayi, ndinakazisindikiza pa kashopu ka makompyuta kuno ku Rosettenville, masamba n'kuwamata pulasitiki kuti apirire manja a phala. Ndikufuna agogo ake athe kumuwerengera madzulo, chifukwa amayi Chichewa amawerenga bwino, Baibulo lawo lija analimaliza kangapo.

Wa Fomu 3, mwana woyamba wa achimwene, anandipempha foni. Ndinamuimbira. Ndinati, "Iwe, foni ibwera ukalemba MSCE. Pano ukusowa chiyani m'kalasi?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Azakhali, calculator timabwerekana anthu atatu, ndiye homuweki ndimalemba m'mawa." Ndamugulira Casio yake, mathematical set, ndi nyale ya sola yoti masana aziyanika padenga, usiku aziwerengera. Ndaikamonso kabuku kachikuto cholimba kokhala ndi kaloko, ka zinsinsi zake. Mtsikana wa msinkhu umenewo amafuna kena kake kosakhudzana ndi mayeso.

Wachisanu pa kapepala kaja ndi mwana wanga, wa zaka 10, wobadwira konkuno. Za sayansi sasowa. Tchuthi chapita ndinapita naye ku Sci-Bono Discovery Centre ku Newtown, ndipo anachita kukokedwa potuluka. Chimene akusowa ndi china. Amalankhula Chizulu ndi Chingerezi ngati madzi, koma agogo ake akaimba foni amangoti "ndili bwino" basi n'kundibwezera. Zimandipweteka.

Ndiye mphatso yake iyenda chobwerera, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ndawapempha achimwene kuti andipezere mmisiri asemere bawo, la mizere inayi, maenje 32, ndi nkhomo zake 64. Bambo a mwana wangayu ndi katswiri wa bawo, ankaswera nalo pansi pa mtengo wa mango ali mnyamata, koma chibwerere kuno sanaligwirepo. Pa bawo mwana amawerengera mumtima, amaoneratu pamene nkhomo yomaliza ikagwere asanatole, amaphunzira kudyedwa osalira. Ndipo palibe amene amasewera bawo m'Chingerezi. Ndawauza kale bambo ake kuti likafika, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi TV izikhala yothima.

Achimwene anafunsa ngati angaikemo mabulo m'malo mwa nkhomo, poti ndi osavuta kupeza. Ndakana. Ndawauza afunefune zenizeni, zotuwa zija, ngakhale zichedwe mpaka ulendo wa Febuluwale.