Ndimayesa nkhani ndi miyendo, kani ndi msana

Nditaona koyamba amonke achibuda pa YouTube atakhala phee akusinkhasinkha motsatira mpweya wawo, phazi ili pa ntchafu iyo, linalo pa ntchafu inayi, ndinati aa izi nzophweka, ife tinakulira pamphasa. Mawa lake ndinayala mphasa kuseri kwa nyumba kuno ku Ngabu dzuwa lisanayambe kukalipa, koma abale maminitsi 5 sanakwane bondo likuchita ngati munthu akukhomamo nsomali, mwendo wachita dzanzi, m'malo motsatira mpweya wanga ine busy kuyang'ana nthawi pa foni.

Kakhalidwe kajaka amati lotus, nkamene mumaona pa zifanizo za Buddha atakhala pansi pa mtengo ku Bodh Gaya ku India, mtengo wake ndi wa mtundu wa mkuyu. Koma sikuti onse amapinda choncho, ena amakweza phazi limodzi lokha, ena onse awiri ali pansi, ku Japan ena amagwada nkukhalira zidendene, wa mawondo ovuta amakhala pampando basi. Chomwe sasiya ndi msana. Dogen, mmonke wa ku Japan wobadwa mu 1200 amene anayambitsa gulu lachibuda la Soto Zen kumeneko, ankati makutu alunjike mapewa, mphuno ilunjike mchombo, lilime ligunde kumwamba kwa mkamwa, maso osatsinzina. Zamasozo ndinayamba ndazinyoza mpaka tsiku lomwe ndinatsinzina nditawerama, ndi kutentha kwathu kuno kwa Okutobala, ndinadzidzimuka dovu lili pachifuwa. Ukawerama mimba imapanikizika, mpweya umafupika, tulo tabwera. Ukaumitsanso thupi ngati msilikali pa pelete mapewa amawawa ndiye maganizo onse amathawira komweko.

Chinandipulumutsa ndi kansalu. Amonkewo amakhalira kapilo kozungulira kotchedwa zafu kuti matako akwere, mawondo atsike nkugunda pansi, msana umangoima wokha osaukakamiza. Ine ndinapinda bulangete kanayi, pano maminitsi 20 ndimatha bwinobwino, udzudzu wokha ndi umene sumva zachibuda.

Tsiku lina mayi anandipeza ndili choncho, anaima kaye nkufunsa kuti "Mwanawe, walowa mpingo wanji?" Nditawafotokozera za msanazo anangoseka, nkukhala pamphasa yomweyo kutambalala, lichero la mapira pamiyendo, msana uli njo opanda bulangete, mpaka ine ndinadzuka kukamwa madzi iwo akadasankhabe timiyala.