Lachitatu ku shedi ya ku Luwinga: step bit pa impact driver

Kunacha ndi mawawa, ndipo zitsulo zonse zimene zinagona panja tinazipeza zonyowa. Ntchito ya lero inali mabokosi 6 achitsulo a sola opita ku Ekwendeni, lililonse lofuna mabowo awiri a 20 mm a ma gland (tomangira togwira waya polowa m'bokosi) ndi limodzi la paipi ya 25 mm. Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko, dirilo yapatebulo n'kukhala chete. Zotsala zinali impact driver ya batire ya 18V ndi ma step bit awiri a 4 mpaka 32 mm.

Kwa amene sanaionepo, step bit ndi yosongoka ngati denga la nkhokwe, koma ili ndi masitepe, ndipo sitepe iliyonse ndi kukula kwina kwa bowo. Tsinde lake nthawi zambiri ndi la makona 6, la 6.35 mm, lomwe limalowa bwinobwino pakamwa pa impact driver. Ambiri amanyengeka pamenepa. Akaona kuti yalowa amati basi zagwirizana, osadziwa kuti makina awa anawapangira kumanga masikuluu ndi mabauti. M'kati mwake muli kahamala ndi sipiling'i. Pamene palibe cholimba amazungulira ngati dirilo wamba, koma akakumana ndi chouma kahamala kamayamba kumenya mozungulira, pa makina ambiri koposa ka 3,000 pa mphindi. Sikuluu kumenyedwa kotere imakufuna. Mano a step bit sakufuna, chifukwa ntchito yawo ndi kusenda chitsulo mosalekeza, ngati mpeni pa chinangwa.

Bokosi loyamba linatiphunzitsa zimenezi mwachangu. Mnyamata wophunzira ntchito anafinya batani mpaka kumapeto. Masitepe a 4, 6 ndi 8 anadutsa ngati akuboola sopo, koma pofika pa 16 makina anayamba kulira kuti "tatatata", tizidutswa ta chitsulo tinatuluka tabuluu, ndipo dzino la sitepe ya 18 linabenthuka. Anafunsa kuti, "Abwana, kodi chitsulochi ndi chouma kwambiri?" Ayi, bokosi ndi la 1.2 mm basi. Cholakwika chinali liwiro, komanso bitiyo inali ija yamtundu wagolide yotchipa, yosalembedwa kuti ndi ya impact. Mtundu wagolide ndi kachikopa kopyapyala ka titanium nitride kokha, sukukuuzani chilichonse za chitsulo chimene chili pansi pake.

Nkhani ya liwiro ndiyo yofunika kuikhalira pansi. Bowo likamakula, m'mphepete mwa biti mumayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi, choncho liwiro liyenera kutsika. Pa chitsulo chofewa wamba ndi biti ya HSS (chitsulo cholimba chimene amapangira mabiti wamba), sitepe ya 6 mm imafuna kuzungulira pafupifupi ka 1,300 pa mphindi, ya 20 mm ka 400, ya 32 mm ka 250 kokha. Impact driver ikafinyidwa yonse imafika cha m'ma 3,000. Ndiye pa 20 mm mwapyola kasanu ndi kawiri. Mano amatentha, amabuntha, akabuntha amakana kudya, akakana kudya kahamala kamayamba kumenya, ndipo kumenyako n'kumene kumawamaliza.

Mabokosi otsalawo tinaboola ndi biti yachiwiri, yolembedwa kuti ndi ya impact. Milwaukee ndi DeWalt amapanga zotere, tsinde lake ndi lolimbitsidwa kuti lisathyoke pa kamzere kamene makina amaligwirira. Tinayamba tachotsa chilichonse cha magetsi m'bokosi. Bokosi tinalimanga patebulo ndi ma G-clamp awiri, thabwa pansi pake kuti chitsulo chisapindike. Panchi kamodzi pakati pa chizindikiro, kenako kabowo ka 4 mm ndi biti wamba. Kabowo aka kamapulumutsa nsonga ya step bit, yomwe ndiyo imayamba kutha, ndipo ikatha biti yonse imakhala yopanda ntchito ngakhale masitepe ena akadali akuthwa. Pa sitepe ya 22 tinazengapo tepi kuti diso lidziwe poimira. Makina tinawaika pa nambala 1, liwiro lotsikitsitsa, dontho la oyilo pa biti, n'kumafinya batani pang'ono pokha uku tikukanikiza mokhazikika. Sitepe ikadutsa mumamva kakugwa pang'ono m'manja. Pamenepo lekani, werengani nambala, onjezani oyilo pakadutsa masitepe awiri kapena atatu. Khutu ndilo likuuzani zambiri kuposa diso: makina akangoyamba "tatata", bwezani dzanja, tsitsani liwiro. Tizidutswa tabwino timatuluka toyera, topotana. Tikayamba chikasu ndiye kutentha kwayamba, tikafika pabuluu mwachedwa kale.

Bowo lililonse linatenga mphindi yosakwana imodzi. Likafika pa 20, timakhudzitsa pang'ono phewa la sitepe yotsatira kuti lidye lakuthwa la m'mphepete, kenako chimodzimodzi kuchokera m'kati. Lakuthwa lotsala limadula chikopa cha waya, ndipo vuto lake limadzaoneka patapita miyezi.

Pa bowo la paipi panali kanthu kena. Biti ya 4 mpaka 32 imakwera ndi 2 mm, ndiye 25 palibepo. Tinaimira pa 26, ndipo nati ya adaputala inaphimba mpatawo. Onjezanipo kuti pakamwa pa impact driver pamagwedera pang'ono, sipagwira zolimba ngati chaki cha dirilo, motero bowo limatha kutuluka lokulirapo. Pa gland zilibe kanthu. Pa ntchito yofuna kuti bauti ikhale thi, musayerekeze.

Ubwino umodzi ndiuvomereze. Biti ikakodwa pa chitsulo chopyapyala, dirilo wamba imapotokola dzanja, ndipo munthu ali pamakwerero akhoza kugwa nayo. Impact driver sichita zimenezo kwenikweni, komanso ndi yaifupi, imalowa m'makona. N'chifukwa chake amagetsi ndi oika sola amaikonda. Koma chitsulo chosamangidwa chimazungulirabe ngati chikwanje. Musachigwire ndi dzanja, magolovesi a nsalu akhale kutali ndi biti, ndipo magalasi a maso avalidwe.

Masana panabwera mabulaketi a angle iron ya 6 mm ofuna mabowo a 10 mm. Apa step bit sitinaiyese n'komwe. Sitepe imodzi ndi yotalika 4 kapena 5 mm basi, ndiye pa chitsulo chochindikala chonchi masitepe awiri amadya nthawi imodzi, bowo limatuluka lalikulu pamwamba, laling'ono pansi, ndipo makina amangomenya osaleka. Kupyola 3 mm, tengani biti wamba. Magetsi anali atabwera cha m'ma 2 koloko, dirilo yapatebulo inamaliza mabulaketiwo.

Chakumadzulo amayi ena ogulitsa thobwa ku Chibavi anabweretsa ndowa ya stainless, chitsulo chosachita dzimbiri, yofuna bowo la 22 mm la mpopi. Wina anali atayamba kale kuiboola kunyumba, ndipo malowo anali onyezimira ngati galasi. Stainless ikakhulidwa popanda kudulidwa imauma pomwepo, biti yotsatira imangotsetsereka. Tinawauza kuti, "Amayi, tisuntha pang'ono bowoli kuti tiyambire pofewa, pouma paja padyedwa bowo likamakula." Impact driver inakhala pambali. Tinagwiritsa dirilo yamanja pa liwiro lotsikitsitsa, cha m'ma 150, ndi step bit ya chitsulo chosakaniza ndi cobalt, oyilo wambiri, kukanikiza mwamphamvu osalola biti kuzungulira chabe. Cobalt imapirira kutentha koma imabenthuka msanga, ndiye kumenya kwa impact ndi mdani wake.

Tisanatseke tinasesa tizidutswa m'mabokosi ndi maginito, chifukwa kamodzi kokha kakagwera pa chaja ya sola kakhoza kuwotcha bolodi. M'mphepete mwa mabowo tinapakamo penti ya red oxide, poti ndi chinyezi cha kuno chitsulo chosendedwa chimachita dzimbiri msanga. Biti yobenthuka ija tainola ndi kafayilo ka dayamondi m'kati mwa ngalande yake mokha, kunja osakhudza, chifukwa mukanola kunja masitepe amachepa kukula. Mpaka pa 16 mm idzagwirabe ntchito pa malata ndi pulasitiki. Mabokosi anyamuka mawa m'mawa penti akauma.